Mwana wa khonsolo m'nyumba ya Mmalawi

Nkhani yolankhulidwa pa msonkhano wa Amalawi okhala kumpoto kwa England

 Ndapatsidwa mpata woti ndikambe za ntchito imene kuno amaitchula kuti fostering, kulera ana amene ali m'manja mwa khonsolo. Ndine mmodzi mwa oigwira, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mutangomva mawu akuti khonsolo ndi social worker mitima yadumpha kale. Anthu amenewa pakati pathu timawatchula monong'ona. Mwana akalira kwambiri usiku timathamangira kutseka mawindo kuopa kuti aneba angaimbe foni. Tonse tinamvapo za banja lakutilakuti limene linalandidwa ana chifukwa bambo anagwira lamba. Mantha amenewa ali ndi pochokera ndipo sindikuwanyoza. Koma atichititsa kuti tiziona mbali imodzi yokha, ya kulandidwa ana, osafunsako kuti mwana akachotsedwa kwa makolo ake amakagona kuti usiku umenewo, ndipo amamuphikira phala ndani kukacha.

Ku England kokha kuli ana oposa 80,000 amene ali m'manja mwa makhonsolo. Pa ana atatu aliwonse, awiri amakhala m'mabanja a alezi, anthu wamba ngati ife tomwe amene anavomerezedwa kulera mwana wa eni m'nyumba mwawo. Ena ali m'nyumba zosungiramo ana, ena akudikira banja loti liwatenge kotheratu. Ambiri anachotsedwa kwawo chifukwa cha nkhanza kapena kusasamalidwa, ndipo mukafukula pansi pake mumapeza mowa, mankhwala ozunguza bongo, ndewu za bambo ndi mayi, matenda a maganizo ndi umphawi zitapiringizana. Palinso ana pafupifupi 7,000 amene anafika m'dziko muno okhaokha, opanda kholo, pothawa nkhondo ndi mazunzo ku Sudan, Eritrea, Afghanistan, Iran ndi kwina. Ambiri mwa amenewa ndi anyamata a zaka 16 ndi 17. Pamene ana ali ochuluka chonchi, mabanja olera akhala akucheperachepera m'zaka zapitazi, ndipo ovutika nazo ndi anawo. Mwana amakamutula ku tauni imene sadziwako munthu, amasintha sukulu teremu ili pakati, mkulu ndi mng'ono wake amawagawa makomo awiri chifukwa palibe nyumba yoti iwalandire onse pamodzi.

Ndiyambe ndi lamulo, pakuti apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ndikukamba za England. Amene mwachokera ku Glasgow ndi Edinburgh mudziwe kuti Scotland ili ndi malamulo akeake. Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Children Act la 1989, ndipo mwana amalowa m'manja mwa khonsolo kudzera m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ili mu Gawo 20: makolo avomera okha kuti khonsolo iwasungire mwana, mwina mayi ali m'chipatala, mwina zinthu zathina pakhomo, kapenanso palibe kholo lililonse m'dziko muno. Apa ulamuliro wa pa mwana umakhalabe ndi makolo. Yachiwiri ili mu Gawo 31: khoti laona kuti mwana akuvulazidwa kwambiri kapena akhoza kuvulazidwa, ndipo lapereka chigamulo choti khonsolo igawane ulamuliro ndi makolowo. Mlandu wotere lamulo limati uthe pasanadutse masabata 26, ngakhale nthawi zambiri umapitirira.

Mwamva kuti m'njira zonse ziwiri sindinatchulemo mlezi. Mlezi alibe ulamuliro wa kholo. Mwana adzagona m'nyumba mwanu, adzadya nsima yanu, mudzamudzukira pakati pa usiku akatentha thupi, koma simungamusinthe dzina, simungamubatize, simungangomugulira tikiti kuti mukadye naye Khirisimasi ku Dedza popanda chilolezo. Ngakhale kumeta tsitsi ndi kukagona kwa mnzake wa kusukulu zimakambidwa poyambirira n'kulembedwa papepala, kuti izi mlezi angathe kugamula yekha, izi afunse kaye. Kulera kumeneku n'kosiyana ndi adoption, imene imadula ubale wa mwalamulo ndi makolo obereka mwana n'kukhala wanu mpaka kalekale. Mwana wolera ali ndi kwawo. Ena amakhala nanu masiku ochepa, ena miyezi khoti likuunika nkhani yawo, ena mpaka atakula.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikubweretsa nkhaniyi kwa Amalawi? Lamulo lomwelo, mu Gawo 22, limalamula khonsolo kuti pogamula za mwana iganizire chipembedzo chake, mtundu wake, chikhalidwe ndi chilankhulo cha kwawo. Mawu amenewa sanalembedwe mwamwayi. M'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970 ophunzira ambiri ochokera ku Nigeria ndi Ghana ankasiya ana awo kwa mabanja a azungu mwa mgwirizano wapakamwa, kuti iwo apeze mpata wa sukulu ndi ntchito. Ena mwa anawo anakula bwino, koma ambiri anakula akuchita manyazi ndi khungu lawo. Adewale Akinnuoye-Agbaje, katswiri wa mafilimu amene analeredwa motero ku Tilbury, anapanga filimu ya moyo wake yotchedwa Farming. Pafupi ndi pomwe takhalapa, ku Wigan, mu 1967 munabadwa mwana wa mtsikana wophunzira wochokera ku Ethiopia. Mayiyo anapempha kuti amusungire mwanayo kwa kanthawi, ndipo anakana kusaina mapepala omupereka kotheratu. Social worker anamutcha mwanayo Norman n'kumupereka kwa banja la azungu, limene linamubweza ku nyumba zosungiramo ana ali ndi zaka 12. Anadziwa dzina lake lenileni, Lemn Sissay, ali ndi zaka 17, ndipo ndi pamenenso anaona kalata imene mayi ake analemba kalekale yopempha kuti awabwezere mwana wawo. Lero ndi mlakatuli wotchuka, anakhalapo Chancellor wa University of Manchester, ndipo mu 2018 khonsolo ya Wigan inamupepesa. Koma ubwana wake palibe anamubwezera.

Ndisamveke ngati ndikuti mzungu sangakonde mwana wakuda. Ndikudziwa alezi achizungu amene amayenda mtunda wautali kukafuna mafuta oyenera tsitsi la mwana, ndipo ndimawapatsa ulemu. Chimene ndikunena n'chakuti pali zinthu zimene ife tili nazo kale m'manja, zimene ena amachita kukaziphunzira m'kalasi. Kamtsikana kamene kafika tsitsi litamangana chifukwa miyezi yonseyi palibe anadziwa polipesera, khungu litatuwa mpaka anzake kumakaseka kusukulu, sikafunikira dokotala. Kafunikira mayi woti akhale pampando Loweruka masana, kamwanako kakhale pansi pakati pa miyendo yake, mafuta ali pambali, ayambe kumasula mfundo imodzi imodzi kuyambira kunsonga osati kumizu. Mwana amene salola kuti munthu amukhudze nthawi zina amayambira pamenepo. Amauma khosi poyamba, kenako mumamva msana wake watsamira pa mawondo anu, ndipo mawu amene sanauze social worker amatuluka ali chopenya kutsogolo, chifukwa sakukuyang'anani kumaso. Mnyamata wa ku Eritrea wa mpingo wa Orthodox amene sadya nyama ndi mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, kapena wa ku Sudan amene akumanga Ramadan, sadabwitsa munthu amene anakulira kumene mbuzi ya paukwati amaitanira Msilamu kuti adzaizinge kuti aliyense adye nawo. Ndiponso tikudziwa kuwawa kwa kudikira kalata ya Home Office, kutchulidwa dzina molakwika tsiku ndi tsiku, ndi kuzizidwa koyamba kwa Novembala. Mnyamata wofika yekha amafuna munthu amene anadutsamo.

Komatu pali zina zimene tinanyamula kuchokera kumudzi zimene tiyenera kuzitula pakhomo tisanalandire mwana wa khonsolo, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pamenepa. Timanyadira kuti kwathu mwana sasowa pokhala. N'zoona. Ambiri m'holo muno analeredwa ndi agogo, amalume kapena azakhali, ndipo m'zaka zimene Edzi inkasesa midzi, anali agogo aakazi amene anasunga mtundu. Koma tinene zoona zonse. Ndani pakati pathu sakudziwa pakhomo pamene mwana wa malemu ndiye ankadzuka m'bandakucha kukatunga madzi eni nyumba ali m'tulo? Amene ankadya pomaliza, amene fizi yake inkalipiridwa zikatsala, amene akalakwa ankakumbutsidwa kuti pano ukungosungidwa? Mwambi wathu umati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo timakonda kulekezera pomwepo. Koma umapitirira kuti ukachenjera manja udya naye. M'chiganizo chachiwiricho muli chiyembekezo chakuti mwanayo adzabweza. Mwana wa khonsolo alibe ngongole ndi inu. Mwina sadzathokoza. Mwina adzachoka osatsanzika bwino, ndipo simudzamvanso za iye. Amene akufuna kulera kuti adzadye naye, kapena kuti kutchalitchi amuyamikire, ntchito iyi imupweteka ndipo nayenso apweteka mwana.

Chachiwiri ndi mkwapulo. Ku Scotland kumenya mwana kunaletsedwa kotheratu mu 2020, ku Wales mu 2022. Ku England kholo lobereka likadali ndi kampata kochepa m'lamulo, koma mlezi alibe ngakhale kampata komweko: amasaina pangano lakuti sadzapereka chilango chakuthupi cha mtundu uliwonse. Kutsina, kukoka khutu, kugwaditsa, kumana chakudya, kutsekera m'chipinda, zonsezi ayi. Ena amati nanga ife si tinakula ndi chikoti, bwanji tinalongosoka? Yankho langa ndi ili: mwana amene akubwera kwa inu, kawirikawiri chikoti anachilawa kale mopitirira, kapena anaonerera mayi ake akumenyedwa. Dzanja lanu likangokwera m'mwamba, ngakhale mukufuna kutenga kapu pashelefu, mudzamuona akubisa mutu. Mukadzaona zimenezo kamodzi, mkangano wa chikoti udzathera pomwepo mumtima mwanu. Ulemu umene tinazolowera nawonso musauyembekeze msanga. Sadzagwada popereka madzi, adzakuyang'anani m'maso polankhula, mwina adzakutchulani dzina lanu loyamba ngati mnzake. Musamukakamize kunena kuti amayi, ali nawo amayi ake. Kutchalitchi muzimuitana, koma akakana mupeze njira yoti wina atsale naye. Ndipo ndinene poyera pamaso pa abusa: mwana wokodza pogona, wolankhula yekha usiku, wobisa chakudya, alibe ziwanda. Ndi mwana wovulala mumtima.

Tsopano njira yokhalira mlezi. Lamulo limalola kuyambira zaka 18, koma mabungwe ambiri amafuna 21, ndipo kumtunda kulibe malire bola thanzi lilipo. Simufunika kukhala pabanja, kukhala ndi nyumba yanuyanu kapena digiri. Walendi amalera, mbeta imalera, bambo wokhala yekha amalera. Chofunika ndi chipinda chapadera cha mwana, nthawi yokwanira, ndi mapepala okhazikika okhalira m'dziko muno. Ambiri a inu munabwera posachedwapa pa visa ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndisakunamizeni: mabungwe ambiri amafuna munthu amene kukhala kwake kuno sikudalira bwana mmodzi, pakuti safuna kuti mwana azolowere pakhomo kenako mlezi auzidwe kuti anyamuke. Funsani, koma mwina nthawi yanu ikubwera m'tsogolo. Mashifiti a usiku otsatizana nawo sagwirizana ndi mwana wofunika kuperekezedwa kusukulu ndi kumisonkhano ya masana. Mungalembetse ku khonsolo ya kwanu kapena ku mabungwe oima paokha amene makhonsolo amawalipira kuti apeze alezi. Onsewa amawayendera a Ofsted, ndipo malipoti ake ali pa intaneti, awerengeni musanasankhe.

Mukaimba foni amabwera kudzaona pakhomo, kenako kafukufuku amayamba. Amafufuza kupolisi kudzera ku DBS za inu ndi akuluakulu onse a m'nyumbamo, ndipo ngati munakhalako kunja angafune kalata ya apolisi akumeneko. Dokotala wanu amalemba za thanzi lanu. Amafunsa anzanu okudziwani bwino, abwana anu, ana anu akuluakulu, ngakhale mwamuna kapena mkazi amene munasiyana naye. Mumapita kumaphunziro okonzekera, amene m'malo ambiri amatchedwa Skills to Foster. Ndiyeno social worker amabwera mobwerezabwereza kudzakhala pa sofa panu, kope lili pamwendo, kulemba lipoti lalikulu lotchedwa Form F. Zonsezi zimatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi itatu.

Gawo limeneli ndi limene limagwetsa Amalawi ambiri, osati chifukwa ali ndi mlandu, koma chifukwa mafunso ake amalowa m'chipinda chimene ife sitilowetsamo mlendo. Adzakufunsani kuti bambo anu ankakulangani bwanji, ndipo inu munkamva bwanji. Adzafunsa za imfa ya mayi anu, za padera limene simunauzepo ngakhale apongozi, za mmene mumakanganirana ndi amuna anu ndi amene amayamba kupepesa. Adzafuna kuona ndalama zolowa ndi zotuluka, kuphatikizapo zimene mumatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi. Adzafunsa chimene mungachite mnyamata wa zaka 15 atakuuzani kuti amakonda anyamata anzake. Ife tinaphunzitsidwa kuti za m'nyumba sizituluka, ndiye timayankha kuti zonse zinali bwinobwino, tinakula mosangalala. Yankho limenelo ndi limene limawadetsa nkhawa. Sakufuna munthu amene sanavutikepo. Akufuna munthu amene angathe kunena kuti inde ndinkamenyedwa, zinandipweteka motere, ndipo ndinasankha kulera mwa njira ina. Mwana amene akubwera adzakanda zilonda zanu zonse, ndipo iwo akufuna kudziwiratu ngati mukudziwa pamene zili. Chimene chimalepheretsa munthu msanga ndi kubisa: mlandu wakale wa galimoto ukhoza kukambidwa n'kudutsa, koma ukatulukira inu mutaubisa, chikhulupiriro chatha.

Lipotilo mumaliwerenga, kenako limapita ku gulu lotchedwa panel, mmene mumakhala ma social worker, alezi, ndipo kawirikawiri munthu amene anakulira m'manja mwa khonsolo. Inunso mumaitanidwa. Gululo limapereka maganizo ake, ndipo mkulu wina wa bungwelo ndiye amagamula. Akakukanani muli ndi masiku 28 oti mudandaule kapena mupemphe gulu loima palokha kuti liunikenso. Akakuvomerani amalemba kuti mungalandire ana angati ndi a misinkhu iti. Lamulo silola kupitirira atatu pokhapokha akhale apachibale kapena papatsidwe chilolezo chapadera. Chaka chilichonse amakuunikaninso.

Foni yoyamba siisankha nthawi yabwino. Imalira madzulo muli pakati pophika: pali mwana wa zaka zakuti, tikudziwa zochepa, mungamulandire usiku uno? Muli ndi ufulu wokana, ndipo mlezi wanzeru amafunsa mafunso ambiri asanavomere. Mukavomera, galimoto imaima pakhomo, mwana amatsika atagwira katundu wake, ndipo mpaka lero ena amafika zovala zili m'thumba lakuda la zinyalala. Musakhale wofulumira kuzichapa zovalazo, ngakhale zikununkha fodya ndi chinyezi. Fungo limenelo ndi la kwawo, ndipo usiku umenewo ndi chokhacho chimene chatsala. Musamuunjikire anthu oti amulonjere monga tichitira ndi mlendo. Muonetseni chimbudzi, chipinda chake, pamene pali switchi ya magetsi, ndipo mumuuze kuti akamva njala usiku chakudya chili apa. Musadabwe akakana nsima ndi nkhuku imene mwamuphera n'kupempha tositi youma. Pakapita masabata mudzapeza zidutswa za buledi pansi pa pilo ndi mabisiketi m'sokosi. Si wakuba. Anaphunzira kuti chakudya chikapezeka lero sichilonjeza za mawa, ndipo thupi lake lidzatenga miyezi kuti likhulupirire kuti pakhomo pano mphika umaphikidwa tsiku lililonse. Ena amaika kabokosi ka zakudya m'chipinda mwa mwana kuti kakhale kakekake, ndipo kubisako kumachepa kokha.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba yanu ili ndi maso ambiri. Social worker wa mwana amabwera sabata yoyamba, kenako pafupifupi masabata asanu ndi limodzi aliwonse. Inunso muli ndi social worker wanu wokuyang'anirani ndi kukuthandizani, amene kamodzi pachaka amafika osanena. Msonkhano woyamba wounika za mwana umachitika pasanathe masiku 20 ogwira ntchito, wachiwiri pasanathe miyezi itatu, kenako miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Tsiku ndi tsiku mumalemba m'kaundula: wadya chiyani, wagona bwanji, bala la pabondo analitenga kuti. Poyamba zimaoneka ngati sakukukhulupirirani. Koma kumbukirani kuti mwanayo akadzakula ali ndi ufulu woitanitsa mafailo ake, monga anachitira Lemn Sissay, ndipo adzawerenga zimene munalemba. Lembani ngati mukulembera iyeyo ali ndi zaka 30. Lembaninso tsiku limene anaseka koyamba, limene anapalasa njinga osagwiridwa, pakuti palibe wina adzamusungira zimenezo.

Chovuta kuposa mapepala ndi makolo ake. Ana ambiri amakaonana ndi mayi kapena bambo awo pa nthawi yoikika, nthawi zina kangapo pa sabata, ndipo ndi inu amene mumawaperekeza. Mudzamuveka bwino mwana, adzadikira pawindo la malo okumanirako, mayi osabwera. Ukali wonse adzathira pa inu pobwerera. Tsiku lina mayi adzabwera, n'kudandaula kuti mwamuluka tsitsi molakwika. Mtima udzafuna kunena kuti mukanakhala mayi weniweni mwanayu sakanakhala kwa ine. Mezani mawu amenewo. Mwana amamva kuti theka la iye ndi mayi akewo, ndipo mukawanyoza mwanyoza iye. Ambiri mwa amayi amenewa nawonso anakulira m'mavuto omwewo popanda wowagwira dzanja. Ana ambiri amabwerera kwawo kapena kwa achibale, ndipo zikatheka mwamtendere imeneyo ndiye ntchito yatheka, ngakhale inu mudzalira potsuka chipinda.

Za ndalama ndinene mwachidule, pakuti mphekesera zachuluka. Boma limaika ndalama yochepetsetsa yosamalira mwana, imene mu 2025 inali pakati pa £170 ndi £300 pa sabata molingana ndi msinkhu wa mwana ndi dera. Imeneyo ndi ya chakudya, zovala, mayendedwe ndi zosowa za mwanayo, si yomangira nyumba ku Area 25. Makhonsolo ndi mabungwe ambiri amawonjezerapo malipiro a mlezi malinga ndi luso lake. Mumalembetsa ku HMRC ngati munthu wodzilemba yekha ntchito, ndipo pali chikhululukiro cha msonkho chimene chimachititsa kuti alezi ambiri asalipire kanthu pa ndalamazi. Koma chipinda chikakhala chopanda mwana, kawirikawiri ndalamanso palibe. Kulandira malipiro pa ntchito imeneyi si tchimo, ndi ntchito yolemetsa ya usana ndi usiku. Kungoti amene walowera ndalama yokha sachedwa kutuluka.

Palinso chinthu chimene alezi onse amachiopa: kunenezedwa. Mwana wosokonezeka maganizo, kapena kholo lokwiya, akhoza kunena kuti mwamumenya. Lamulo limati nkhani iliyonse yotere ifufuzidwe, ndipo n'koyenera kutero, pakuti alezi ena anazunzadi ana ndipo anawo sanamvedwe. Pofufuzapo mwana akhoza kuchotsedwa, inu n'kukhala masabata osauzidwa zambiri. Kaundula wanu wolembedwa mokhulupirika ndiye mboni yanu, pamodzi ndi malamulo a m'nyumba amene munagwirizana poyamba, monga kugogoda musanalowe m'chipinda cha mwana ndi kuvala mokwanira mukamachoka kubafa. Lowani bungwe ngati The Fostering Network kuti mukhale ndi pothawira pa za malamulo. Ndipo musalere nokha. M'madera ambiri muli dongosolo lotchedwa Mockingbird, mmene mabanja olera angapo amazungulira nyumba imodzi ya mlezi wodziwa zambiri, kumene ana amakacheza ndi kukagona alezi awo akatopa. Ana anu obereka nawonso afunseni maganizo musanayambe, chifukwa ndi iwo amene adzagawane mayi, TV ndi bafa ndi mlendo amene mwina adzawaswera zidole.

Mwana akafika zaka 18 khonsolo imati wakula. Ife tikudziwa kuti wa zaka 18 ndi mwana ndithu. Kuyambira 2014 pali dongosolo la Staying Put, lolola wachinyamata kukhalabe kwa mlezi wake mpaka zaka 21 ngati onse awiri afuna, khonsolo ikuthandizapo. Amene mungalandire achinyamata, ganizirani zimenezi kuyambira pachiyambi. Makanda aliyense amawafuna; a zaka 14 ndi 15 ndi amene amasowa kolowera. Amene simungathe kulera nthawi zonse mukhoza kuvomerezedwa kuti muzilandira mwana kumapeto kwa sabata kuti alezi ake apumeko.

Nkhani yotsiriza ikukhudza ngakhale amene simudzalembetsa konse. Ena muli kale ndi mwana wa eni m'nyumba: wa mnzanu wa kutchalitchi amene wapita kumudzi kukadwazika mayi ake, kapena wa m'bale amene anamutumiza kuti adzaphunzire kuno. Lamulo limati mwana wosakwana zaka 16, kapena 18 ngati ndi wolumala, akakhala masiku 28 kapena kuposerapo kwa munthu amene si kholo lake kapena wachibale wapafupi, khonsolo iyenera kudziwitsidwa, ndipo kusatero ndi mlandu. Wachibale wapafupi m'lamulo limeneli ndi agogo, mchimwene kapena mchemwali wa mwanayo, m'bale weniweni wa bambo kapena mayi ake pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake, ndi kholo lomupeza lokwatirana ndi kholo lake. Apa chibale chathu ndi lamulo la kuno zimasemphana. Mwana wa mayi anu aang'ono kwa inu ndi mng'ono wanu, koma lamulo silimuwerenga choncho, ndipo mukasunga iyeyo kapena mwana wake muyenera kunena.

Lamulo limeneli analimangitsa pambuyo pa imfa ya Victoria Climbié. Makolo ake ku Côte d'Ivoire anamupereka kwa azakhali a bambo ake, Marie-Thérèse Kouao, pokhulupirira kuti akaphunzira bwino ku Ulaya, monga momwe aliyense wa ife akanachitira. Anafika ku London mu 1999, ndipo pa 25 Febuluwale 2000 anamwalira ali ndi zaka 8, thupi lake lili ndi mabala 128. Kouao ndi chibwenzi chake Carl Manning anawalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Kafukufuku wa Lord Laming, amene lipoti lake linatuluka mu 2003, anapeza kuti makhonsolo, apolisi ndi zipatala anali ndi mipata yambiri yomupulumutsa koma anaitaya, ndipo mwanayo anafikanso m'matchalitchi mmene ananenedwa kuti ali ndi mizimu yoipa. Children Act la 2004 linabadwa pamenepo. Kudziwitsa khonsolo sikutanthauza kuti akulandani mwanayo. Social worker amabwera pasanathe masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito, amaona pogona pake, amalankhula naye payekha, ndipo chaka choyamba amabweranso masabata asanu ndi limodzi aliwonse. Ngati muli ndi mwana wotere pakhomo ndipo masiku 28 akwana kapena akuyandikira, Lolemba m'mawa imbani foni ku khonsolo ya kwanu, mupemphe ofesi yoona za ana, munene kuti mukufuna kudziwitsa za private fostering. Amene mukuopa kuimba nokha mundipeze tikamamwa tiyi, tidzaimbira limodzi.